Zaka Zomwe Ndinkayankha Dzina la Asiyatu

Chaka chomwe ndinayamba ntchito

Tamanda, Chikondi ndi iwe Wongani, popeza tsopano ndapuma ndipo maondo sandilolanso kupita kutali, ndati ndikulembereni za ntchito yanga mutu udakali bwino. Za ubwana wanga ku Dedza mumazidziwa kale. Ndiyambira pa tsiku lomwe ndinavala yunifolomu yobiriwira koyamba. Inali yosokedwera mwamuna, ndipo thalauza lake ndinkachita kulipinda m'miyendo kuti ndisalipondeponde.

Anandilemba ntchito yophunzitsa anthu za chilengedwe, ndipo malo anga oyamba anali nkhalango ina yaikulu ya nyama m'chigawo chapakati. Ana asukulu ankafikako mwa apo ndi apo chifukwa kunali kutali, komanso galimoto yathu inkangokhala pa njerwa, matayala atachotsa. Masiku ambiri ndinkangopukuta fumbi pa zigaza za nyama zomwe tinkaonetsa alendo. Bwana wa kumeneko sankakhulupirira kuti mkazi angayende m'tchire, choncho njovu ndinkazionera pawindo la ofesi. Bambo anu ndinakumana nawo komweko, ankabwera kudzakonza galimoto ija. Galimotoyo sinachire, koma ukwati unatheka.

Chaka chomwe Tamanda anayamba kuyenda

Anandisamutsira ku Mzuzu m'nyengo yozizira. Tinafika pa lole, chifunga chitatseka msewu wonse. Bambo anu atatsika anayang'ana kumwamba nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Amake Tamanda, kuno dzuwa analisiya kuti?" Tinapeza kanyumba ka lendi ku Msongwe, ndipo mwezi woyamba matewera sankauma.

Malo anga atsopano anali kankhalango kotetezedwa ka mumzinda momwemo. Sikanali kakakulu. Ukaima pakati pake unkamva chigayo chikulira mbali iyi, minibasi zikuitanira anthu mbali inayo. Koma mitengo yake inali yachilengedwe yokhayokha: mombo, muwanga, misuku yambiri, ndi katope m'mbali mwa kamtsinje kodutsa kumunsi. Munali apusi, agwape amanyazi, nkhwali, ndi anantchengwa omwe anamanga chisa chachikulu ngati nkhokwe pamphanda ya mkuyu. Bwana wanga anali Bambo Gondwe, munthu wamtali, wolankhula mosathamanga, Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka. Tsiku loyamba anandiyendetsa nkhalango yonse, ndipo pomaliza anati, "Mayi Mbewe, kuno njovu palije. Nyama zathu zikuluzikulu ndi ana asukulu. Muziwasamala chomene."

Zosowa zinali zambiri. Bainokyula yoonera zinthu zakutali inali imodzi, diso lina losweka, ndipo ana ankaima pamzere kuti aone mbalame yomwe inali itauluka kale. Choko chikatha ndinkalemba ndi makala pa thabwa. Nsapato za ntchito ankatipatsa zakale zitang'ambika mpaka zala kusuzumira. Waya wa mpanda unali utadyeka ndi dzimbiri, ndipo kumunsi kufupi ndi mtsinje kunali chibowo choti munthu n'kudutsa osawerama. Bambo Gondwe ankapempha waya kulikulu chaka ndi chaka, yankho lake linali lakuti tidikire.

Koma kusowako kunandiphunzitsa ntchito. Popanda mabuku, ndinkawauza ana agone chagada pansi pa mombo, atseke pakamwa, amvetsere. M'nyengo yotentha makoko a mombo amaphulika n'kumwaza njere, ndipo ana ankadzuka akukuwa ngati amva mfuti, kenako n'kuyamba kuseka. Tinkatunga madzi a mumtsinje m'mabeseni n'kuona tizilombo tokhala pansi pa miyala. Ndinkawaonetsa kusiyana kwa madzi otuluka m'nkhalango ndi madzi ofiira ochokera kumalo komwe mitengo inatha. Masamba atsopano akamaphuka, nkhalango yonse inkafiira ngati yapsa, ndipo ana obadwira mumzinda ankandifunsa ngati mitengoyo yadwala. Mayina a Chitumbuka a zinthu zonsezi anandiphunzitsa a Nyirenda, mlonda wa pageti, omwe ankaseka katchulidwe kanga mpaka kupukuta misozi.

Nyengo ya masuku, Chikondi ali kumsana

M'mawa wina ndikuyendera kanjira ka kumtsinje ana asanafike, ndinapeza gogo wina atakhala pansi pa msuku, miyendo atatambasula, masuku atadzaza pachitenje. Kumutu anali ndi mpango woyera, kuphazi nsapato imodzi yokha. Lamulo silinkalola munthu kulowa yekha, ndiye ndinawayandikira kuti ndiwatulutse mwaulemu. Ndinawapatsa moni wa Chitumbuka, osayankha. Nditayesa Chichewa anatukula mutu, ndipo nkhope yawo yonse inawala.

"Asiyatu! Unali kuti iwe? Ndakudikira kuyambira m'mamawa. Tola akowa tizipita, amayi atikalipira."

Ine ndinati, "Agogo, ine si Asiyatu. Ndine Mayi Mbewe, ndimagwira ntchito muno."

Anandiyang'ana. Kenako anatembenukira kumtsinje n'kuyamba kuitana dzina lija mokuwa, akulira ngati kamwana kosiyidwa pamsika. Ndinasowa chochita. Ndinawagwira dzanja n'kupita nawo kugeti, ndipo kumeneko ndinapeza bambo wina wovala kachipewa koyera, thukuta lili kamukamu, akufunsa a Nyirenda ngati aonako mayi wokalamba.

Bamboyo anali Che Yusufu, wa golosale ku Mzilawaingwe, ndipo nyumba yawo inali kumunsi kwa mpanda wathu. Kwawo kunali kumapiri a ku Namwera. Gogoyo anali mayi awo, Abiti Saidi. Anandifotokozera atatsitsa mawu kuti anawatenga kumudzi bambo awo atamwalira, ndipo kuyambira pamenepo mutu wa mayiwo unayamba kuiwala. "Ine amanditchula kuti bambo wa sitolo. Zidzukulu sazidziwa. Kunyumba amakana kudya, amangogwedeza chitseko kuti akufuna kwawo. Asiyatu anali mng'ono wawo, anamwalira ali mtsikana, ine ndisanabadwe. Pepani madamu, sizichitikanso."

Zinachitikanso. Abiti Saidi ankadikira kuti mpongozi wawo, mkazi wa Che Yusufu, apite kukatunga madzi, iwo n'kuzemba kudzera pachibowo chija. Nthawi zonse ndinkawapeza pa msuku womwewo. Nthawi zonse ndinkawauza dzina langa lenileni, chifukwa ndinaleredwa kuti bodza ndi tchimo, ndipo nthawi zonse ankalira maliro a mng'ono wawo ngati amva kumene. Tsiku lina ndinawaona patali akundikodola ndi dzanja, akumwetulira ndi mano awo ochepawo, ndipo mtima unandikana kuwalizanso. Atati, "Asiyatu," ine ndinangoti, "Ndabwera, achemwali." Anandikhazika pambali pawo, anasankha suku lofewa, analipukuta pachitenje n'kundipatsa. Tinadya. Kenako anadzuka okha, ndipo tinayenda mpaka kunyumba kwawo akundiuza za mbuzi ya amayi yomwe yaswa mapasa. Madzulo ake Che Yusufu anabwera kudzandiuza kuti mayi awo adya mbale yonse.

Mvula ya chaka chotsatira

Tsiku lomwe ndinaopa kwambiri pa ntchito yanga yonse linali Lachitatu, chakumasana. Ndinali kumtsinje ndi ana a Sitandade 6 ndi mphunzitsi wawo, tikuyang'ana mazira a achule. Tinamva phokoso kunja kwa mpanda, kenako Abiti Saidi anatulukira pachibowo akuthamanga mmene angathere, opanda mpango, imvi zili poyera, magazi akutsika pachipumi. Pambuyo pawo panali gulu la anthu, ena atanyamula miyala, akukuwa m'Chitumbuka kuti, "Fwiti! Fwiti!" Ndinamva pambuyo pake kuti tsiku limenelo gogoyo anasokoneza njira n'kulowa m'nyumba ya eni, momwe munali khanda lodwala, ndipo anawapeza atalinyamula akuliimbira.

Abiti Saidi anandiona n'kuthamangira kwa ine, kundigwira m'chiuno. "Asiyatu, akundimenya." Ndinauza mphunzitsi kuti atengere ana kuseri kwa mitengo, ndipo mmodzi athamange kukaitana a Nyirenda. Ine ndinakaima pachibowo penipeni, gogoyo ali kumbuyo kwanga. Chitumbuka changa chonse chinathawa, ndinangotsala ndi mawu amodzi, "Lekani, lekani." Mwala umodzi unandimenya paphewa. Mayi wa khanda lija anali patsogolo, akulira, ndipo sindinamuone ngati munthu woipa. Anali ndi mantha ngati ine ndemwe.

A Nyirenda anafika akupuma mwaphuma. Sanakuwe. Anayamba kutchula anthu mayina mmodzimmodzi, kuwafunsa za kunyumba, chifukwa ambiri ankapemphera nawo. Anawauza kuti gogoyu ndi mayi wa bambo wa golosale, kuti akudwala matenda oiwala, ndiponso kuti amene akufuna kuponya mwala wina ayambe waganiza za mayi ake omwe akukalamba kumudzi. Anthu anayamba kuchoka pang'onopang'ono, ena akung'ung'udzabe. Ndinavula juzi yanga n'kuwaphimba kumutu Abiti Saidi, chifukwa ankabisa tsitsi ndi manja, manyazi atawagwira kuposa ululu wa bala.

Mawa lake Bambo Gondwe anatiitana mu ofesi, ine ndi Che Yusufu. Che Yusufu anati aganiza zomawatsekera mayi awo m'chipinda ndi loko. Ponena zimenezi sankatiyang'ana. Bambo Gondwe anazunguza cholembera patebulo. Kenako anati, "Chibowo chija titseka lero lomwe, ngakhale ndi minga. Koma lamulo likuti mlendo alowere pageti ndipo aziyenda ndi wantchito. Silikunena kuti mlendoyo akhale wa zaka zingati. Mayi Mbewe, mungakwanitse?" Ndinati ndiyesa. Che Yusufu anagwira dzanja la bwana ndi manja awiri, ndipo munthu wa ku Namwera uja anathokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo, yewo chomene."

Kuyambira pamenepo mpongozi wawo ankawabweretsa pageti m'mawa, ine n'kuwalandira. Masiku a ana asukulu ankayenda nafe. Musaganize kuti zinali zokoma zokhazokha. Mphunzitsi wina anakana kubweretsanso kalasi yake, ndipo makolo ena analetsa ana awo. Gogoyo nthawi zina ankalanda mapensulo a ana n'kubisa m'chitenje, nthawi zina ankanditukwana m'Chiyao popanda chifukwa, ndipo ndinaphunzira kuyenda ndi chitenje chapadera m'chikwama chifukwa ankatha kudzionongera. Koma ana ambiri anawazolowera n'kumawatchula kuti Anganga. Ndikati tonse tigone chagada timvetsere, iwonso ankagona pakati pa anawo, n'kumaseka okha. Ana ankalimbirana kuwagwira dzanja powoloka mtsinje. Mtsikana wina wochokera kumunsi kuja anandinong'oneza tsiku lina kuti, "Madamu, agogo anganso amatere. Kunyumba timawabisa."

Chaka chomwe Tamanda anali mu Sitandade 3

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa nkhaniyi inakhudza inu. Bambo Gondwe anandiitana n'kundiuza kuti kulikulu andisankha kuti ndikatsogolere maphunziro a zachilengedwe pamalo ena aakulu m'chigawo chapakati. Kunali kukwezedwa, nyumba ya boma ya magetsi, ndiponso kufupi ndi kwathu moti ndikanamapita kukaona amayi anga Loweruka lililonse. Ndinafunsa kuti abwere m'malo mwanga ndani. Anati, "Ndikunamizeni chifukwa chiyani? Palibe. Malo akatsala opanda munthu masiku ano amangokhala choncho. A Nyirenda sangachoke pageti. Koma mwayi uwu subwera kawiri, ndipo mukapita palibe angakudzudzuleni."

Bambo anu atamva anasangalala ngati mwana. Anali atatopa ndi chifunga, chifuwa chinkawavuta chaka chilichonse, ndipo ntchito ya umakaniko inkayenda movutikira kwa munthu wobwera. Anayamba kufunsa za makatoni tsiku lomwelo. Panapita masiku angapo. Ndinkapita kuntchito, gogo uja n'kundigwira dzanja pageti, ine n'kumaganiza za chipinda cha loko. Ndinkaganizanso za ana omwe ankabwera wapansi kuchokera ku Kaning'ina, ena opanda nsapato, kuti adzangoona chisa cha nantchengwa.

Lamlungu masana titachoka kutchalitchi ndinawauza bambo anu kuti sindipita. Anaika kapu pansi.

"Amake Tamanda, mukukana nyumba ya magetsi chifukwa cha gogo woti dzina lanu salidziwa?"

"Si iwo okha. Ndikachoka, ana salowanso m'nkhalango muja."

"Nanga anu ana? Nanga amayi anu okubalani? Gogoyo ali ndi mwana wake."

Ndinangoti amayi anga ali ndi alongo anga ndi azilamu anga pafupi, ndipo mutu wawo uli bwino, akandisowa amadziwa komwe ndili. Abiti Saidi ndikasowa sadziwa kuti ndasamuka. Adzaganiza kuti Asiyatu wamwaliranso. Bambo anu anadzuka n'kutuluka panja. Anakhala nthawi yaitali akundiyankha ndi mawu amodziamodzi, ndipo makatoni omwe anabweretsa anakhala pakona mpaka chinyezi chinawafewetsa. Sindinakwezedwenso mpaka kupuma. Munakula mukuwerenga ndi nyali ya parafini, ndipo agogo anu a ku Dedza munkawaona pa Khirisimasi pokha. Mpaka lero sindinganene motsimikiza kuti kwa inu ndinachita bwino. Ndikungokuuzani mmene zinalili.

Chomwe ndingawonjezere n'chakuti patapita miyezi, bambo anu anafika kuntchito kwanga ndi wilibala yakale yomwe anaiwotcherera, anaiika tayala la njinga yamoto ndi kampando ka thabwa. Anali atamva kuti miyendo ya gogo uja yayamba kufooka. Anaisiya pageti n'kuuza a Nyirenda kuti, "Muwapatse achemwali awo a akazi anga." Ine sanandiuze kanthu, ndipo nanenso sindinawafunse.

Chaka chomwe Wongani anabadwa

Nditabwerera kuntchito pambuyo pa uchembere, Abiti Saidi anali atachepa thupi kwambiri. Che Yusufu anandiuza kuti miyezi yomwe ndinali kunyumba ankawabweretsabe pa wilibala, iwo n'kumayang'ana njira, osalankhula. Atandiona sanakuwe ngati kale. Anangotambasula dzanja. Kulankhula kunali kutachepa, ndipo nthawi zambiri tinkangokhala kumtsinje, ine ndikuyamwitsa iwe Wongani, iwo akuyang'ana madzi.

Tsiku lina masamba atsopano atangoyamba kufiira, tinali awiri pansi pa katope. Apusi ankadumpha pamwamba pathu. Abiti Saidi anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali mbee, osati maso osochera omwe ndinawazolowera. Anati, "Iwe si Asiyatu."

Ndinati, "Ayi, amayi. Si ine."

"Asiyatu tinamuika kalekale. Kunkagwa mvula." Anasisita dzanja langa ndi chala chachikulu. "Ndiwe mwana wa yani?"

Ndinawauza dzina langa, la bambo anga ndi mudzi wakwathu. Anagwedeza mutu ngati akuwadziwa anthuwo. Kenako anati, "Amayi ako anakulera bwino. Koma ndikamakuitana, usaleke kuyankha." Ndinalonjeza. Posakhalitsa maso aja anabwerera mwakale, ndipo anandifunsa ngati ndatsekera mbuzi.

Anatha nyengo ya masuku imeneyo, ngakhale kuti ankangoyamwa madzi ake n'kulavula. Mvula itakhazikika, m'mawa wina ndili pageti ndi ana omwe anali atangofika, ndinaona Che Yusufu akubwera wapansi, atavala mkanjo woyera, wilibala palibe. Zaka zonsezo ankanditchula kuti madamu. Tsiku limenelo anaima patsogolo panga, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi aang'ono, achemwali anu atisiya kum'bandakucha. Tiika masana ano. Azimayi akuti sawaphimba nkhope musanafike."

Ana ndinawasiya ndi a Nyirenda ndi mphunzitsi wawo. Ndinapita ndi yunifolomu yomweyo. Pakhomo ndinavula nsapato zanga zamatope, ndipo mpongozi wawo anandifunditsa mpango wake. M'chipindamo munali azimayi odzaza, ambiri osawadziwa, koma anasendera n'kundisiyira malo kumutu, pomwe pamakhala wachibale. Nkhope yawo inali yaing'ono, yosalala, ngati ya munthu amene wafika kwawo n'kugona. Sindinkadziwa mapemphero awo, ndipo anga ndinaona kuti ndinene chamumtima. Ndinagwada, ndinawagwira dzanja lomwe linali litazizira kale, n'kunena mokweza kuti onse amve.

"Ndabwera, achemwali."

Nditatero azimayi aja anakoka nsalu yoyera n'kuwaphimba.